Nsomba ya kunyanja ndi wayini woyera wosatsekemera: mmene mungachitire kuno ku Mzuzu

Ambirife tikamva zoti wayini timangoganiza za uja wotsekemera wa m'botolo lalikulu kapena wa m'kabokosi, amene timatsegula pa chinkhoswe ndi pa ukwati. Sindikumunyoza ayi, ali ndi malo ake. Koma pa nsomba, makamaka ya fuleshi yoti yavuulidwa usiku womwewo, shuga uja amaphimba zonse, mumangomva mafuta ndi mchere basi, kukoma kwa chambo kwenikweni osakumva. Wayini amene amayenda ndi nsomba zathuzi ndi woyera, wosatsekemera, wowawasira pang'ono koma wa fungo lamphamvu la zipatso. Ntchito yake patebulo ndi yomwe ija amagwira mandimu tikafinyira pa nsomba yootcha, kudula mafuta ndi kutsuka mkamwa kuti nthongo yotsatira ikome ngati yoyamba.

Yambani ndi nsomba, botolo pambuyo. Nkhata Bay ili pafupifupi makilomita 50 kuchokera kuno, nde nsomba zabwino zimafika ndithu pa msika waukulu ndi ku Zigwagwa, bola kulawirira. Mukafika musachite manyazi kugwira. Maso akhale owala komanso otukumuka, osati olowa mkati. Tsegulani m'mbali mwa mutu muja muone makha, akhale ofiira, akakhala otuwa kapena onanda isiyeni. Dinani ndi chala pamsana, mnofu ubwerere pomwepo. Ndipo nunkhizani, nsomba ya fuleshi imangomveka madzi a nyanja. Palibe wayini, kaya wodula bwanji, amene angakonze nsomba yogona.

Pa chambo ndili ndi pempho limodzi. Musagule kasawala, tiana tija. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu ya chambo cha m'nyanja yathu m'gulu la nsomba zomwe zatsala pang'ono kutheratu, ndipo tikamagula ting'onoting'ono toti sitinaswe ndife amene tikulimbikitsa asodzi kutigwira. Chambo chikasowa gulani makumba oweta pa damu, kapena batala, mcheni, kampango, zonsezi zimayenda ndi wayini ameneyu.

Tsopano botolo. Apa mpamene anthu ambiri amasochera, chifukwa shelefu yake imakhala ndi mabotolo ofanana maonekedwe ndipo wogulitsa nthawi zambiri amangokulozerani amene akuyenda malonda, amene ndi wotsekemera yemwe uja. Werengani lebulo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mukufuna pomwe palembedwa kuti dry, kutanthauza wosatsekemera. Wayini wambiri amene amafika kuno ndi wa ku South Africa, ndipo malamulo akumeneko amati wayini wotere shuga wake asapitirire magalamu 5 pa lita, pamene wolembedwa semi-sweet amatha kufika magalamu 30. Mukaona semi-sweet, natural sweet, late harvest, bwezerani pa shelefu, si wa lero ameneyo.

Chinthu chimodzi chomwe chimapusitsa ndi mphuno. Wayini wonunkhira mukamununkhiza mumamva magwafa, magalagadeya, mwina maluwa, nde mutu umakuuzani kuti ameneyu atsekemera. Mukamwa mupeza shuga mulibe. Fungo lija ndi la mtundu wa mphesa, palibe anathiramo madzi a zipatso, ndipo shuga wa mphesa anasanduka mowa pa nthawi yowira. Nde musadabwe kapena kuganiza kuti wawonongeka, ndi momwe amayenera kukhalira, ndipo mukamwa koyamba opanda chakudya mwina muona ngati akuwawasa kwambiri. Dikirani nsomba ifike.

Dzina la mphesa limalembedwa pa lebulo ndipo ndi limene likuuzeni zomwe zili mkati. Sauvignon Blanc ndi amene savuta kupeza, amamveka magalagadeya ndi udzu wongomweta kumene, nthawi zina tsabola wobiriwira uja wosawawa, ndipo amawawasa bwino. Riesling amamveka mandimu ndi maapozi, asidi wake ndi wakuthwa kuposa onse ndipo mowa wake nthawi zambiri umakhala wotsikirako, ineyo pa nsomba yamafuta ndimamuika patsogolo. Koma samalani, wolembedwa Cape Riesling ndi mphesa ina, Crouchen Blanc, fungo lake ndi lochepa. Gewürztraminer ndiye wonunkhira kuposa onse, maluwa a rozi ndi zipatso za litchi, koma asidi wake ndi wochepa ndipo ambiri a ku South Africa amamusiyira shuga, nde muwerenge bwino kumbuyo. Chenin Blanc, amene kale ankamutcha Steen ndipo ndi mphesa yodzalidwa kwambiri ku South Africa, fungo lake ndi la pakatikati, magwafa ndi mapeyala achizungu, ndipo samadula kwambiri. Colombar nayenso ndi wotsika mtengo, wowawasira, wa fungo la magwafa. Hanepoot ndi Muscat amanunkhira kwambiri koma ambiri ndi otsekemera zedi, asiyeni. Chardonnay wosungidwa m'migolo ya mtengo, amene amalemba kuti wooded, amalemera mkamwa ndipo chambo chootcha amachipondereza.

Ndimalimbikitsa wayini wa kumunda kwa banja pa chifukwa chimodzi, mumadziwa komwe mphesa zachokera ndi amene akuyankha. Dzina la banja likakhala pa botolo ndipo ana ndi adzukulu akuyembekeza kudzalowa munda womwewo, sachita zinthu mwachidule. Ndipo mwina simukudziwa, Four Cousins yemwe uja amachokera ku banja, a Retief a ku Van Loveren m'chigwa cha Robertson, munda umene anagula mu 1937, ndipo dzinalo likunena za azibale anayi enieni amene amayendetsa kampaniyo. Banja lomwelo limapanga Sauvignon Blanc wosatsekemera pansi pa dzina la Van Loveren, nde ngati mukuopa kuyesa dzina lachilendo yambirani pamenepo. Ku Robertson komweko kuli Springfield ya banja la a Bruwer, Sauvignon Blanc wawo wotchedwa Life from Stone amachokera m'munda wa miyala yambiri. Ku Durbanville, kufupi ndi Cape Town komwe kumawomba mphepo yozizira ya kunyanja ya Atlantic, kuli Diemersdal ya banja la a Louw amene akhala pa mundawo mibadwo ingapo ndipo amatchuka ndi Sauvignon Blanc yemweyo. Riesling wabwino muyang'ane wa Paul Cluver ku Elgin, dera lokwera komanso lozizira la minda ya maapozi. Kuziziraku nkofunika, mphesa zikapsa pang'onopang'ono kumalo ozizira zimasunga asidi ndi fungo, kotentha zimathamangira shuga. Amene ali ndi wachibale ku Ulaya angapemphe Riesling wa ku Alsace ku France, banja la a Trimbach lakhala likupanga wayini kumeneko kuyambira 1626 ndipo wawo ndi wosatsekemera mpang'ono pomwe. Kwathu kuno kuli Linga ku Lilongwe, nayonso ya banja, koma iwo amapanga wa zipatso zina monga magwafa ndi jambula osati mphesa, imeneyo ndi nkhani ina.

Sikuti onsewa muwapeza m'mashopu a mu Mzuzu tsiku lililonse. Yang'anani m'masupamaketi ndi m'mabotolo sitolo, akasowa tumani amene akuchokera ku Lilongwe kapena ku Joni, koma muwauze kuti botolo alikulunge mu zovala pakati pa chikwama, lisakhale padzuwa kapena pafupi ndi injini ya basi, kutentha kumapha fungo lomwe mwalipirira lija.

Pa khosi pa mabotolo ambiri a ku South Africa pamakhala kachidindo ka boma kotsimikiza kuti zolembedwa pa lebulo nzoona. Dongosolo lake ndi la Wine of Origin, linayamba mu 1973, ndipo mukaona W.O. Elgin kapena W.O. Robertson ndiye kuti mphesa zonse zachokera dera limenelo. Dzina la mphesa likalembedwa, zosachepera 85 peresenti zimayenera kukhala za mtundu umenewo. Mukaona Estate Wine ndiye kuti kulima, kupanga ndi kuthira m'botolo zonse zachitikira pa munda umodzi.

Chaka nacho muchione. Ku South Africa amakolola mphesa kuyambira Januwale mpaka cha mu Epulo, nde wayini wa chaka chino amatha kufika m'mashopu chaka chisanathe. Sauvignon Blanc ndi Colombar amakoma akadali ana, wa chaka chino kapena chatha, akapitirira zaka 3 pa shelefu yotentha fungo lija limakhala litathawa. Riesling ndiye amapirira zaka. Kwezani botolo poyera, mtundu ukhale wotuwira ngati udzu wouma kapena wobiriwirako, ukakhala wachikasu chakuda kupita ku bulawuni musagule. Ndipo tengani botolo la kumbuyo kwa shelefu, osati lomwe lakhala pa windo.

Kuziziritsa. Mukufuna madigiri a pakati pa 8 ndi 10. Fuliji yabwino imakhala cha pa 4, nde botolo lomwe lagona mmenemo likhala lozizira mopyola ndipo simumva fungo lililonse, litulutseni mphindi 15 musanathire. Likakhala lofunda vuto ndi lina, mowa umatsogola, wayini amamveka wolemera ndi wowawa. Magetsi akathima musadandaule, gulani ayisi, ikani mu ndowa pamodzi ndi madzi ndi mchere wodzaza dzanja, botolo limire mpaka m'khosi, mphindi 20 kapena 30 zakwana. Ayisi yekha opanda madzi amachedwa chifukwa sakhudza botolo paliponse. Mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira ndithu koma botolo la pa khonde lokha silifika pomwe tikufunapo, liikenibe m'madzi a ayisi ngakhale kanthawi kochepa. Ayisi mu galasi ayi, amasungunula kukoma.

Tibwere pa mbaula tsopano, ndipo ndikhalitsa pa chambo chootcha chifukwa apa mpamene wayini ameneyu amaonetsa mphamvu zake. Palani mamba, tumbulani, tsukani mkati makamaka magazi aja a m'mphepete mwa msana chifukwa ndi amene amawawitsa. Pukutani ndi kansalu koyera mpaka iume, nsomba yonyowa imamatirira pa waya ndipo khungu silikhala lokhutchuka. Chekani mizere itatu kapena inayi mbali iliyonse mpaka mpeni ukhudze minga. Sinjani adyo ndi jinja pang'ono, sakanizani ndi mchere ndi mafuta ophikira supuni ziwiri, pakani m'mizeremo ndi m'mimba, muikemonso tizidutswa ta mandimu m'mimbamo. Isiyeni mphindi 20 basi. Madzi a mandimu musathire pa mnofu nthawi ino, asidi amayamba kuuphika ndipo ukapita pamoto umauma. Makala akhale oti ayera phulusa pamwamba, lawi latha. Pakani mafuta pa waya, ikani nsomba, ndipo musaigwiregwire, ikapsa mbali imodzi imadzimasula yokha pa waya. Chambo cha saizi ya mbale chimafuna mphindi 6 mpaka 8 mbali iliyonse kutengera moto wanu, muone mnofu wa pafupi ndi mutu, ukayera ndi kulekana ndi minga mosavuta yapsa. Apa thirani Sauvignon Blanc. Mnofu wa chambo ndi wofewa, wopanda mafuta ambiri, kautsi ka makala ndi adyo zimakumana ndi fungo la udzu ndi magalagadeya lija, mchere wa pa khungu umafewetsa kuwawasa kwa wayini, ndipo wayini yemwe munamuona ngati wakuthwa poyamba paja amasanduka wofatsa.

Mandimu a patebulo finyani pang'ono chabe. Chakudya chikawawasa kuposa wayini, wayini amamveka ngati madzi. Nchifukwa chakenso saladi wa viniga wambiri simuyenera kumuika pafupi. Shuga m'mbale ndi mdani winanso, tomato sosi wa m'botolo, kolosilo wa mayonezi wotsekemera, zonsezi zimachititsa wayini wosatsekemera kumveka wowawa. Ikani chipisi, mbatata yowiritsa, mpunga wa Kilombero kapena nsima, ndi masamba ofwafwaza monga chinese kapena rape.

Batala ndi nkhani ina, mafuta ake ndi ambiri ndipo ndi amene timamukondera. Kaya mwamukazinga kaya mwamuotcha, ndi kondowole pambali monga amadyera a ku Nkhata Bay, mkamwa mumatsala mafuta ndipo pofika pakati pa mbale mumayamba kukhuta msanga. Riesling ndi amene amathana nazo, kumwa kamodzi mkamwa mwayera. Mukamusowa, Sauvignon Blanc wa ku Elgin kapena Durbanville agwira ntchito. Gewürztraminer pano ayi, asidi wake sakwana ndipo mafuta ndi fungo la maluwa zikaphatikizana zimakola.

Kampango ali ndi mnofu wolimba wopanda timinga, ndipo ambiri timamuphika ndi msuzi wa tomato ndi anyezi. Msuzi umalemeretsa mbale, nde pamafunika wayini wa thupi pang'ono, Chenin Blanc. Tomato muphike mpaka apse bwinobwino kuti kuwawasa kwake kutsike. Mukathira ufa wa kale (curry) ndi jinja, mpamene Gewürztraminer wosatsekemera amapeza malo ake, zonunkhiritsa za m'poto ndi za m'galasi zimagwirizana bwino kwambiri.

Mlamba wa pa damu kapena wa m'dambo nthawi zina umamveka matope. Fungo limenelo limachokera ku kanthu kotchedwa geosmin, kopangidwa ndi ndere ndi tizilombo ta m'madzi osayenda, kamene kamakhazikika m'mafuta ndi pansi pa khungu, ndipo asidi amakaphwanya. Choncho mlamba ndi nsomba yokhayo imene ndinganene kuti muinyike m'madzi a mandimu musanaphike, muchotse nanda yonse ndi mafuta achikasu a m'mimba, kenako patebulo wayini wa asidi wambiri amalize ntchitoyo.

Usipa wa fuleshi wokazinga mpaka kukhutchuka, wowaza mchere, ndi Colombar wozizira, zimenezi nzotsika mtengo ndipo zimakoma kuposa mmene mungaganizire, alendo apatseni zimenezi poyembekeza chambo. Koma usipa wouma ndi utaka wouma wa msuzi, kunena zoona wayini wonunkhirayu samayenda nazo, fungo la nsomba youma ndi lamphamvu ndipo limasiya kachitsulo mkamwa mukamwera wayini, musawononge botolo lanu. Nsomba yowamba yotendera nsinjiro ili pakatikati, Chenin Blanc amayesetsa.

Kambuzi. Ndikudziwa ena nsomba yopanda kambuzi kapena Nali sangaidye. Mowa umakuza kuwawa kwa tsabola, nde mukaphatikiza kambuzi wambiri ndi wayini wa 13.5 peresenti mkamwa mumangoyaka, fungo lonse la wayini osalimvanso. Chitani chimodzi mwa ziwiri, chepetsani tsabola aikidwe pambali aliyense adzitapira, kapena sankhani Riesling wa mowa wotsika, cha pa 12 kutsika mmunsi. Apa pokha mpamene ndingavomere wolembedwa off-dry, kashuga kochepa kaja kamaziziritsa moto wa tsabola.

Ena afunsa kuti nanga wofiira walakwanji. Wofiira ali ndi kukhakhala kuja kochokera ku makungu a mphesa, kumene kumafuna nyama ya ng'ombe kapena mbuzi, pa nsomba kumangouma mkamwa. Komanso mu 2009 akatswiri a ku Japan anapeza kuti ayironi amene amakhala mu wayini ndi amene amadzutsa fungo loipa la nsomba mkamwa mukameza, ndipo wayini wa ayironi wambiri ndi amene ankachita zimenezi kwambiri. Nde ngati munayesapo chambo ndi wofiira nkumva ngati mwanyambita ndalama yachitsulo, chifukwa chake nchimenecho.

Galasi likhale la pakamwa popanikiza kuti fungo lisathawe, ndipo mulitsuke bwino sopo yense achoke, lisapukutidwe ndi kansalu komwe kagwira nsomba. Thirani gawo limodzi mwa magawo atatu, osadzaza, kuti muthe kuzunguza pang'ono ndi kununkhiza, komanso wochepa safunda msanga, botolo libwerere mu ndowa. Popeza nsomba timadya ndi manja, galasi gwirani ndi dzanja lomwe simukudyera ndipo mugwire kumwendo kwake, apo ayi pakutha mphindi zochepa galasi lonse likhala mafuta ndipo mukalifikitsa pamphuno muzingomva batala. Imwani pang'ono musanadye kuti mumudziwe yekha, kenako idyani nsomba, mezani, imwaninso. Zikagwirizana mumva mkamwa mwapepuka ndipo kukoma kwa nsomba kukubwereranso pambuyo. Mukamva kuwawa kapena kachitsulo, yang'anani m'mbale, nthawi zambiri ndi shuga, viniga kapena tsabola wachuluka, ndipo kamchere pang'ono pa nsomba kamakonza zambiri.

Botolo la mamililita 750 limatulutsa magalasi 5 kapena 6, lokwanira anthu atatu pa chakudya chimodzi. Wayini wotere nthawi zambiri amakhala ndi mowa wa pakati pa 12 ndi 13.5 peresenti, kuposa kawiri mowa wa m'botolo umene tinazolowera, ndipo poti ndi wozizira amatsika mosavuta, nde ikani jagi ya madzi patebulo. Ngati mwadyera kunyanja ndipo mukubwerera ku Mzuzu madzulo, woyendetsa asalawe, msewu uja ndi wa zitunda ndi makona ndipo chifunga chimatsika nthawi iliyonse.

Wotsala mutsekeni bwino, mabotolo ambiri a masiku ano ndi a chitsekero chopotokola nde sizivuta, muimike mu fuliji. Masiku awiri kapena atatu amakhala bwino, kupitirira apo fungo limazilala. Akazilala musataye. Kazingani anyezi ndi adyo pang'ono m'poto, yalani zidutswa za kampango kapena chambo pamwamba, thirani theka la kapu ya wayini uja ndi mchere, vundikirani pa moto wochepa mphindi 10. Chotsani nsomba, msuzi wotsalawo muuwiritse osavundikira mpaka uchepe ndi theka, ikanimo supuni ya majarini kapena bata, takasani, thirani pa nsomba ndi pa mpunga.